Pamtima pakamathina, musati mwafika patali

Achemwali ena andilembera imelo. Ayamba kukhala phee m'mawa uliwonse n'kumatsatira mpweya wawo monga amachitira Abuda, koma tsopano pamtima pakuthina, zala zikuchita dzanzi, tulo tathawa. Wina wawauza kuti ndi qi, mphamvu ya moyo imene a ku China amati imayenda m'thupi, imene ikudzuka, angolimbikira. Akufunsa ngati ndi zoona.

Achemwali, nditawerenga ndinakhala kaye chete, chifukwa njira imeneyi ndinadutsamo.

Zaka zapitazo ndinakachita nawo maphunziro osinkhasinkha a masiku 10, osayankhula ndi munthu. Belu linkalira 4 koloko m'bandakucha. Masiku atatu oyamba ntchito inali imodzi, kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka pamphuno. Aphunzitsi ananena momveka kuti tisaukakamize, koma ine ndinazitenga ngati mayeso a fomu 4. Ndinkaukoka mwamphamvu, kuutsekera, mano atalumana. Pofika tsiku lachisanu kapu ya tiyi inkanjenjemera m'manja mwanga mpaka kutayikira pachitenje. Usiku mtima unkamveka m'makutu ngati wina akusinja chimanga kuseri kwa nyumba. Mumtima ndinkanyadira, ndinkati mphamvu zatseguka. Nditabwerera kwathu ndinatha miyezi iwiri ndikudzidzimuka pakati pausiku, n'kumakalipira ana popanda chifukwa.

Chimene chinandipweteka pambuyo pake n'chakuti eni ake a miyambo imeneyi anachenjeza kalekale. Mu Anapanasati Sutta, chiphunzitso cha nambala 118 m'buku la ziphunzitso za Buda lotchedwa Majjhima Nikaya, Buda akuti wopuma motalika adziwe kuti akupuma motalika, wopuma mwachidule adziwenso. Kudziwa basi. Kuwongolera ndi kutsekera mpweya ndi pranayama ya yoga ya ku India, nkhani ina, yofunika mphunzitsi wake.

Ku Tibet vuto lanuli lili ndi dzina. Asing'anga a mankhwala achikhalidwe a kumeneko, otchedwa Sowa Rigpa, amati m'thupi muli zinthu zitatu zoyenera kugwirizana: rlung, kutanthauza mphepo, kenako ndulu ndi mamina. Amati maganizo amakwera pa mphepoyo ngati munthu pa hatchi. Wosinkhasinkha mokakamiza amaisokoneza, ndipo zotsatira zake ndi kuthina pamtima, nkhawa ndi kusowa tulo. Mankhwala ake? Chakudya chotentha chamafuta, msuzi wa mafupa, kudzoza thupi mafuta, kupuma, kucheza ndi anthu okondedwa. Ku Japan, mphunzitsi wa Chibuda cha Zen dzina lake Hakuin, wobadwa mu 1686, nayenso anadwala matendawa ali mnyamata, ndipo analemba kuti chinamuchiritsa n'kuganizira batala wofewa akusungunuka pamutu n'kumatsikira mpaka kumapazi.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi mavidiyo amene amasakaniza qi ya ku China, prana (mpweya wa moyo) ya ku India ndi rlung mu mphika umodzi, n'kumauza munthu wovutika kuti ululu ndi umboni wakuti zikuyenda. Limenelo ndi bodza, ndipo n'loopsa. Munthu ukapuma mothamanga mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi, ndiye dzanzi m'zala ndi chizungulire zimabwera. Palibe chodzuka pamenepo.

Ine amene anandichiritsa ndi mayi anga, amene za Tibet sanazimvepo. Anangondiyang'ana n'kuti, "Mwanawe wawuma." Anandiphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lotentha, m'mawa uliwonse, n'kumanditenga kukapalira kudimba. Mpaka lero ndikamva fungo la nsinjiro mapewa amatsika okha.

Ndiye mutani?

Siyani kaye milungu iwiri. Idyani bwino, yendani, chezani. Pobwerera yambani ndi mphindi 10, maso otsegula pang'ono, ndipo muzimvetsera kumimba kapena kumapazi, osati pamphuno. Koma kupweteka pamtima kukapitirira, kapena kupuma kukamabanika, pitani kuchipatala akakuyezeni mtima ndi BP lero lomwe.