Funsani Tikuyankheni: kodi maligi akumudzi amafanso ku Australia?

FUNSO: Akulu, ine ndili ku Chipoka kuno ku Salima. Tinayambitsa kaligi kathu ka matimu 8 koma kangotha masizoni awiri basi kafa, anyamata ena apita ku Joni ena ali pa nyanja kusaka usipa. Ndiye mnzanga wina akuti ngakhale ku Australia maligi akumudzi amafa. Zoona zimenezi, dziko la ndalama ngati lija? Wokonda mpira, Chipoka.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo sananame ayi. Koma kaye mudziwe kuti mpira umene amaufera kumidzi ya ku Victoria, chigawo china cha Australia, si wathu uno, ndi wina wotchedwa Australian rules football. Malamulo ake analembedwa ku Melbourne mu 1859, mpira wake ndi wooneka ngati dzira, bwalo nalonso lozungulira ngati dzira ndipo timu imodzi imalowetsa anthu 18 nthawi imodzi. Amamenya ndi mwendo, amagwiranso ndi manja, mitengo ya golo ndi inayi mbali iliyonse, ukalowetsa pakati ndi mapointi 6, ukadutsa cham'mbali ndi 1. Nambala ya 18 ija muisunge, nkhani yonse yagona pamenepo.

Chitsanzo chimene chimandikhudza ine ndi Mallee Football League. Mallee ndi dera louma la alimi a tirigu kumpoto chakumadzulo kwa Victoria. Ligi imeneyi inabadwa mu 1997 ndipo kubadwa kwake komwe kunali chizindikiro cha mavuto, chifukwa anachita kuphatikiza maligi awiri, wa Northern Mallee ndi wa Southern Mallee, onse anali atayamba kuperewera matimu. Inatha itamaliza sizoni ya 2015. Masizoni 19 okha.

Chinaipha si kusowa kwa mayunifomu kapena mipira ayi, ndi kusowa kwa anthu. Minda inkakulirakulira, mlimi mmodzi ndi mathirakitala ake akuluakulu n'kumalima malo amene kale ankadyetsa mabanja angapo, ana akamaliza sukulu n'kupita ku Melbourne kapena ku Mildura osabwereranso, ndiye mudzi wa anthu ochepa ukawapeza kuti anyamata 18 kuphatikizapo osinthira, komanso timu yachiwiri ndi ya ana? Mukangoona mayina a matimu ake mumva chisoni: Walpeup-Underbool, Woomelang-Lascelles, Sea Lake-Nandaly. Dzina lililonse ndi midzi imene kale inkalimbana pa bwalo kenako n'kugwirana manja kuti mpira usafe. Beulah ndi Hopetoun nawo anaphatikizana n'kukhala Southern Mallee Giants. Ligi itatha matimu otsala anabalalikira m'maligi oyandikana nawo, kutanthauza maulendo ataliatali Loweruka lililonse.

Pali chinthu china chimene ndimasirira kwa anzathuwa. Makalabu awo akumudzi amayendera limodzi ndi mpira wa ntchembere mbaye, tsiku limodzi malo amodzi, amayi ndi atsikana uku anyamata uko, banja lonse limakhala ku bwalo tsiku lonse. Ife kuno ntchembere mbaye timaidziwa bwino kwambiri koma pokonza ligi timangowaiwala atsikana, ine zimandiwawa zimenezi.

Ndiye kwanu ku Chipoka ndikanati musadikire munthu wa bonanza amene amabwera ndi chikho nthawi ya kampeni n'kusowa. Werengani kaye anyamata amene alipodi, osati amene ali pa pepala koma thupi lili ku Johannesburg. Ngati midzi iwiri yoyandikana iliyonse ili ndi osewera 7, khalani pansi ndi mafumu ndi makomiti onse awiri mupange timu imodzi, dzina muphatikize ngati anachitira a Walpeup ndi Underbool, ndikudziwa ena akana poyamba poti anamenyanapo pa fainolo koma yesani. Magemu muwaike nthawi imene asodzi atsika pa nyanja n'kupumako, matimu akhale oti n'kufikirana pa njinga, ndipo atsikana a ntchembere mbaye ayambe ndiwo gemu ya anyamata isanalowe. Mukayambiranso mutilembere.