Kutha msinkhu si kutha kukula

Mayi wina wandilembera kuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 watha msinkhu. Akangofika kuchokera kusukulu amadzitsekera kuchipinda, ndikamufunsa chavuta amangoti 'palibe'. Ine ndimati poti watha msinkhu ndiye kuti wakula, nzeru zakhazikika. Mawuwa satanthauza zimenezo kodi?"

Mayi, chakusokonezani ndi mneni -tha. Tikati madzi atha mu ndowa, ndiye kuti palibe chatsala. Koma kutha msinkhu ndi kufika pa msinkhu woti thupi likhoza kubereka. Mawuwa amanena za thupi basi, za nzeru sakhudzako. Atsikana ambiri thupi limayamba kusintha ali ndi zaka pakati pa 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14. Ubongo wokha umatsalira m'mbuyo. Gawo lake lomwe lili kuseri kwa chipumi, limene limathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, limapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25. N'chifukwa chake mwana wooneka ngati wamkulu amatha kulira kaamba ka uthenga umodzi wa pa foni womwe mnzake sanayankhe.

Ine ndimakonda kunena kuti mwana wotere "akusinkhuka". Kachidutswa -ku- kamene kali m'mawuwo kakuonetsa kuti ntchito idakali m'kati. Ndipo "palibe" wakeyo musamutenge ngati mwano nthawi zonse. Kawirikawiri amatanthauza kuti chilipo, koma mawu ochitchulira sakuwapeza.

Wina wafunsa ngati atsikana nawonso ndi "achinyamata". Inde. Mawuwa anachokera kwa mnyamata, koma lero amanena za onse. Mukafuna mawu osakondera mbali, nenani "achisodzera".

Mtsikana wa zaka 16 akuti: "Ndinauza bambo kuti mnyamata amene ndimawerenga naye masamu ndi bwenzi langa. Anakwiya, mpaka pano sindikumvetsa."

Mwanawe, sunalakwitse Chichewa. Bwenzi ndi munthu amene umagwirizana naye ndi kumukhulupirira, ndipo mgwirizanowo timautcha ubwenzi. Tikachotsa u- n'kuikapo chi-, timapeza chibwenzi, chomwe ndi nkhani ya chikondi. Vuto ndi loti "bwenzi langa", akalankhula mtsikana ponena za mnyamata, makutu a anthu ambiri amathamangira ku chibwenzi. Bambo ako anamva chi- pomwe iwe umanena u-. Pofotokozanso uwauze kuti ndi "mnzanga wa m'kalasi". Koma nanunso abambo, chiyankhulo chathu chikanakhala kuti sichidziwa kuti mnyamata ndi mtsikana angagwirizane popanda zachikondi, sichikanasunga mawu awiriwa padera. Funsani kaye musanakalipe.

Funso lomwe landikhudza kwambiri lachokera kwa mphunzitsi: "Ndili ndi mnyamata m'kalasi amene kale ankayankha mafunso, koma tsopano amangogoneka mutu pa desiki. Polembera makolo ake ndinene kuti wakhumudwa kapena akuvutika maganizo?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kuima kaye, chifukwa mawu awiriwa salemera mofanana. Kukhumudwa poyambirira ndi kugunda mwala ndi phazi uli pa ulendo, n'chifukwa chake chinthu chopunthwitsa munthu timachitcha chokhumudwitsa. Wokhumudwa amadziwa mwala umene wamugunda: walephera mayeso, anzake amuseka, amusiya kunja kwa gulu. Zimapweteka, koma amadzuka n'kupitiriza. Kusungulumwa ndi kwina, ndi kumva kuti ulibe wako ngakhale uli pakati pa anthu, ndipo achisodzera amakumva kwambiri chifukwa pa msinkhu umenewu kulandiridwa ndi anzawo kumakhala ngati mpweya. Kuda nkhawa kumayang'ana kutsogolo, ku zimene sizinachitike.

Kuvutika maganizo ndiye kolemera kuposa onsewa. Munthu amakhala wachisoni kapena wosasangalala ndi chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, tulo ndi kadyedwe zimasokonekera, ndipo nthawi zina sangaloze mwala uliwonse. Amenewa ndi matenda, ndipo amachizika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa ana 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la matenda a maganizo. Zimandiwawa ndikamva mwana wotere akutchedwa waulesi kapena wamatama, chifukwa dzina lolakwika limatseka njira ya kuchipatala.

M'kalata yanuyo musamupatse dzina la matenda, imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Lembani zimene maso anu aona: kuti kwa mwezi wathunthu sakuyankhula, sakusewera ndi anzake, akugona m'kalasi. Kenako pemphani makolowo kuti akhale naye pansi, ndipo ngati zikupitirira apite naye kukaonana ndi achipatala.