Kodi khonsolo ingaletse lendi kukwera?

Mwafunsa ngati khonsolo ya mzinda ili ndi mphamvu zoteteza nyumba za lendi yotsika. Ili nazo, achimwene, makamaka ikakhala ndi nyumba zakezake. Mzinda wa Vienna ku Austria uli ndi nyumba pafupifupi 220,000 zomwe umachititsa lendi motchipa, ndiye eni nyumba ena amavutika kukweza mtengo mmene angafunire poti anthu ali ndi kothawira. Berlin, likulu la Germany, inagulitsa nyumba zake zambiri mu 2004, kenako n'kumagulanso zina pamtengo wokwera kwambiri, kutaya ndalama kwenikweni. Itaika malire a lendi, khoti linathetsa lamulolo mu 2021 ponena kuti nkhaniyo ndi ya boma lalikulu. Kukonzetsa nyumba zakale zisanagwe kumathandizanso, bola okhalamo asathamangitsidwe ntchito ikatha.