Musasaine fomu yosiya sukulu musanagwire kalata m'manja

Achemwali, zimene mwafunsazi, zosiya yunivesite yanu chaka choyamba chikatha kuti mukalowe ya dzina ku London, poti n'kumene mabanki amatolako ana okagwira investment banking (ntchito yothandiza makampani kupeza ndalama zazikulu ndi kugulana), ine ndinazichita mu 2023. Mpaka lero ndikakumbukira Ogasiti wa chaka chimenecho m'mimba mumanditentha.

Amene akukuuzani kuti dzina la sukulu lilibe kanthu akukunamizani, apo ndivomere. Goldman Sachs, J.P. Morgan, Morgan Stanley, Barclays, onsewa maso awo amakhala kwambiri pa Oxford, Cambridge, LSE, UCL, Imperial ndi Warwick. Ine ndinali kumpoto kwa England, ndipo mawu oti spring week, mlungu umene mabanki amaitana ana a chaka choyamba kukaona ntchito yawo, ndinawamva koyamba mu Febuluwale, anzathu a ku London atatumiza kale mafomu cha mu Okutobala. Zinandiwawa, ndinangoti basi ndikusamuka.

Ndinaimba foni ku sukulu yatsopanoyo. Bambo wina wa mawu okoma anati ndi magiredi angawo ndilowa chaka chachiwiri popanda vuto. Ndinamufunsa katatu pa masiku osiyana, katatu konse anati inde. Koma zonsezo pa foni. Kalata imene inabwera inangoti andilandira, za chaka choyambira dipatimenti iona ikalandira transcript, pepala la magiredi anga. Chiganizo chimenecho ndinachiwerenga, koma mawu a bambo uja anali atandidzaza kale m'makutu. Mu Juni ndinasaina fomu yosiya sukulu yakale, n'kubweza makiyi a chipinda. Viza ya Student paja imamangidwa ku sukulu imene inakupatsa CAS, nambala yotsimikiza kuti yakulandira, ndipo ukasiya kosi pakati, yatsopano nthawi zambiri umakapemphera kunja kwa UK. Ndiye ndinakwera ndege kubwerera ku Lilongwe.

Sukulu yakale inakhalira transcript yanga milungu 6. Munthu ukangosaina kuti ukuchoka, maimelo ako sayankhidwanso. Kenaka usiku wina chapakati pa Ogasiti, magetsi atazima, ndili gone pamphasa pabalaza chifukwa kuchipinda kwanga kunali kutagona alendo, foni inawala. Imelo ya mizere itatu yochokera ku sukulu yatsopano. Masamu ndi statistics zimene ndinaphunzira sizikufika pa mlingo wawo, ndiye akhoza kundilandira chaka choyamba chokha, ndiyankhe pasanathe masiku 5. Ndinaiwerenga mpaka batire inatha, n'kukhala mumdimamo foni ili m'manja mpaka atambala analira. Kumbuyo ndinali nditatseka kale.

M'mawa ndinapeza bambo anga ali pakhonde, akumwa tiyi ndi mbatata. Awa ndi munthu amene anagulitsa puloti kuti ine ndipite ku UK. Nditawafotokozera sanakalipe. Anaika kapu pansi n'kufunsa kuti, "Ndiye zikhala zaka zingati tsopano?" Ndinati zinayi, m'malo mwa zitatu. Anangoti, "Chabwino," n'kudzuka, mbatata ija osaimaliza. Bola akanandikalipira. Mayi anatenga envelopu yakale n'kuyamba kuwerengetsera kuseri kwake: fizi yoposa mapaundi 20,000 pachaka, kuonjezera ndalama zimene a viza amafuna aone zoti udzadyera, zimene nthawi imeneyo ku London zinali mapaundi 1,334 pamwezi kwa miyezi 9, ndipo zikhale mu akaunti masiku 28 osatsika. Envelopuyo ndili nayo mpaka pano.

Ndinamuimbiranso bambo wa mawu okoma uja. Anati sakukumbukira kuti anandilonjeza kanthu, iye anangonena kuti mwina n'zotheka. Mwina! Munthu amene ntchito yake ndi kulankhula ndi ana ochokera kunja tsiku lililonse, akudziwa bwino kuti kwa ife chaka chimodzi ndi puloti, ndi penshoni ya kholo, koma amangogawa ma inde ngati maswiti kuti chiwerengero chake chikwane. Sanapepese n'komwe. Mpaka pano sindinamukhululukire.

CAS inatuluka mochedwa, ndinafika ku London anzanga ataphunzira kale milungu iwiri. Ndisanapume, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, gawo lachiwiri la fizi tisanalipire, forex ku banki ikusowa. Ndinkagwira maola 20 pamlungu amene viza imalola, kunyamula mbale mu lesitilanti, usiku n'kumaloweza DCF, njira yowerengera mtengo wa kampani, ndi mmene ma financial statement atatu, malipoti a ndalama za kampani, amalumikizirana, maso akutseka okha.

Ndiye langizo langa, musasamuke. Khalani pomwe mulipo, menyani First, giredi yapamwamba ya digiri, lowani SEO London ndi 10,000 Black Interns, mabungwe amenewa amathandiza ana ngati ife kufika kumene mabanki safika okha. Lemberani anthu pa LinkedIn mopanda manyazi. Mafomu a summer internship, ntchito yoyeserera ya patchuthi chachitali, amatsegulidwa chilimwe cha ku UK chisanathe ndipo malo amadzaza pomwe mafomu akulowa, ndiye tumizani mlungu woyamba, mayeso a pa intaneti ndi HireVue, intavyu yodzijambula pa vidiyo, muyeserere kusanache. Dzina la sukulu mungadzaligule ndi masters ya chaka chimodzi, ndipo ena amadzera ku makampani owerengera ndalama, Deloitte, PwC, EY kapena KPMG, n'kudzalumphira ku banki atatenga ACA, satifiketi ya akauntanti.

Komabe ndikhala wabodza ndikabisa izi. Kubwereza chaka choyamba kuja n'kumene kunandipatsanso mwayi wa spring week. Ndinailowa mu Epulo 2024 ku banki ina ya ku Canary Wharf, dera la mabanki ku London, ndipo inandipitirizira ku summer internship ya milungu 10, kumene ntchito yeniyeni imachokera. Ndikanalowa chaka chachiwiri monga ndinkafunira, ndikanalemba mafomu a internship mwezi womwe ndafika, CV ilibe kanthu, giredi ya sukulu yatsopano ndilibe. Choncho ngati mtima wakana ndithu kuti mukusamuka, pitani mukudziwa kuti mukayambira chaka choyamba, ndipo makolo muwauze za zaka zinayi lero, osati mu Ogasiti. Tumizani silabasi ya module iliyonse ku dipatimenti yeniyeni, osati ku ofesi ya mafoni, akuyankheni pa imelo, chaka choyambira chilembedwe. Transcript itengeni mukadali wophunzira wawo. Fomu yosiya sukulu ikhale yomaliza.

Simunanene chinthu chimodzi, achemwali. Fizi akulipira ndani, ndipo ndalamayo imayambira mu kwacha kapena mu mapaundi? Ndiyankheni chimenecho kaye.