Zitatu zokha patsiku, mng'ono wanga

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Mng'ono wanga, funso lako ndinaliona masana, koma manja anali matope okhaokha kudimba, ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba kundichedwetsa. Ukuti dzuwa likumakulowera usanagwire chooneka, geni uku, ana uku, sukulu ya masana ya MSCE ija ukunso, ndiye ukufunsa kuti ine ndimakwanitsa bwanji.

Mutuwu si nkhokwe ayi. Kale ndinkasunga zonse m'mutu, mpaka tsiku lina ndinaiwala kukasonkha ku banki m'khonde, ndinalipira chindapusa ndalama ili m'chikwama momwemu. Zinandiwawa. Mawa lake ndinagula kope la ana asukulu, pensulo n'kumangirira ndi ulusi kuti isasowe. Chilichonse chikandibwerera ndimalemba kumasamba akumapeto: amene watenga mbatatesi pangongole, mankhwala opopera, msonkhano wa makolo kusukulu. Usiku ana akagona ndimatsegula, n'kusankhapo zitatu za mawa. Zitatu basi. Ukalemba khumi uziyamba zonse osamaliza ndi chimodzi chomwe, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Koma chenicheni ndi ichi, umvetse bwino. Maola safanana mphamvu. Ine 5 koloko ndadzuka, ndipo kuzizira kwa kuno ku Lizulu mu June ndi July ukukudziwa, zala zimachita kuuma pa chogwirira cha kheni. Komabe ndiyo nthawi yothirira, madzi amalowa pansi dzuwa lisanawaumitse, nanenso msana umakhala usanatope. Kuwerengera ndalama ndi kulemba ngongole ndimachita ndikangomwa tiyi, mutu uli bwinobwino. Ndikadya nsima ya masana maso amalemera, ndiye apo ndimakhala pamphasa n'kumasankha mbatatesi, zazikulu uku, zazing'ono uku, zobooka pambali. Ntchito ya manja okha, yosafuna kuganiza. Iwe masamu ako aja ukumawasiyira 10 koloko usiku utaswera pamsika, n'chifukwa chake sakulowa. Si kuti ndiwe mbuli ayi, ndi kutopa. Asamutsire m'mamawa, ngakhale theka la ola ana asanadzuke, ndipo uzigona msanga. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena 8, si ulesi umenewo.

Za kuboma ku Ntcheu ndimaziunjika, ndimapita kamodzi ndi kapepala, thiransipoti imodzi. Tsiku la msika ndi la msika, sindiikapo china.

Foni nayo, mmm. Data ndimayatsa kawiri, masana ndi madzulo. Ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anazolowera, akafuna katundu amaimba, ndalama amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Palibe amene anandithawa chifukwa chochedwa kuyankha pa WhatsApp.

Ndiye pali zija sitizikonzekera: maliro pamudzi, mwana watentha thupi, alendo atulukira. Zikatero kope ndimatseka, ndimapita kukakhala ndi anzanga pasiwa ndi mtima wonse. N'chifukwa chake Lachisanu masana sindilembapo kanthu, ndi malo a zimene zatsalira m'sabatamo. Lamulungu ndikachoka kutchalitchi ndimaonanso kumasamba akumapeto kuja. China chikakhala masabata atatu osachigwira, ndimadzifunsa ngati chilidi changa, kapena ndimupatse mwana wamkulu, kapena ndingochifufuta. Nawenso ana ako akula, wamkuluyo angathe kutsuka mbale ndi kutunga madzi, usamasenze zonse wekha.

Uyambe usiku uno womwe. Lemba zitatu, masamu akhale oyamba, ndipo mawa madzulo unditumizire chithunzi cha tsambalo kumbali, tione limodzi pamene pakuvuta. Upereke moni kwa alamu ndi ana.