Kuchoka pa Chileka kukafika ku Guangzhou: yankho kwa achemwali ofuna kuyamba geni

Achemwali, mwafunsa kuti ndege imatenga maola angati kuchoka kuno ku Blantyre kukafika ku Guangzhou, mzinda wa ku China, komanso ngati munthu angapite Lolemba n'kubwerako Lachinayi ndi katundu wake.

Palibe ndege yonyamuka pa Chileka n'kukatera ku China. Ambirife timakwera Ethiopian Airlines, n'kukasintha ndege ku Addis Ababa. Kufika ku Addis ndi maola pafupifupi anayi, ndipo amawonjezekera ndege ikayamba yatera kaye ku Lilongwe. Kuchoka pamenepo kukafika ku Guangzhou ndi makilomita pafupifupi 8,000, maola 10 kapena kuposerapo muli m'mwamba. Muwerengerenso odikira pa bwalo la ndege la Bole ku Addis. Kuwonjezera apo, wotchi ya ku China ili patsogolo pa yathu ndi maola 6, choncho mukanyamuka kuno masana, mukafika mawa lake dzuwa litapendeka, miyendo itatupa, mutu usakugwira. Chonde tsiku limenelo musagule kanthu. Munthu wotopa amavomera mtengo woyamba umene wauzidwa, ndipo ogulitsa a ku Xiaobei, dera la misika ku Guangzhou, amamuzindikira pongomuyang'ana m'maso. Konzani zokhala sabata yathunthu, kuti muzungulire masitolo, muyerekeze mitengo, muone katundu wanu akulongedzedwa inu muli pomwepo.

Koma pamene pagona geniyi ndi pa ulendo wa katunduyo. Tikiti nthawi zambiri imalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse. M'menemo mumalowa zopepuka koma zodula, monga mafoni, mawigi ndi zovala zochepa zoti muyambe kugulitsa mukangofika ku Limbe. Matayilosi, mipando ndi ziwiya zimalowa m'kontena, kawirikawiri yosonkherana ndi anzanu, n'kuyenda pa sitima ya panyanja kukafika ku Beira kapena ku Nacala, kenako n'kulowa m'dziko muno. Apa pamatha miyezi iwiri, nthawi zina itatu. Nthawi yonseyi mpamba wanu uli pamadzi, lendi ya shopu ikuyenda, ndipo katundu akafika a MRA akufuna msonkho wawo asanamutulutse. Ndimamva chisoni ndikaona mayi wathera ndalama zonse pogula, osasiya ya msonkho, katundu n'kumangokhala, ndalama zosungira zikukwera tsiku ndi tsiku. Ndalama ya msonkho muisiye kuno musananyamuke.

Musapite kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, chifukwa nthawi ya chaka chatsopano cha ku China mafakitale ndi masitolo amatseka. Mu Epulo ndi Okutobala kumakhala Canton Fair, chionetsero chachikulu cha zamalonda ku Guangzhou, ndipo mahotela amakwera mtengo.

Ngati mpamba ukadali wochepa, ine ndingati yambani ndi Johannesburg. Pa ndege ndi maola awiri ndi mphindi zingapo, wotchi ndi imodzimodzi ndi yathu, ndipo katundu amatha kubwera pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza m'masiku ochepa. Mundiuze zimene mukufuna kugulitsa, tiwerengere limodzi.