Zotulutsa mahatchi usiku nthawi yotentha

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kuti hatchi yanuyo izichezera kunja mu July muno m'malo mogona m'khola. Ine ndikuti eya, itulutseni. Pa famu yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku England timatulutsa mahatchi cha m'ma 8 madzulo nkukalowetsa m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa masana ntchentche zikuluzikulu zoluma zija zimawazunza zedi, hatchi imangokhalira kupukusa mutu ndi kumenya pansi osadya nkomwe, ndiye ya mphuno yoyera ija imapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka, zomvetsa chisoni.

Koma musasinthe tsiku limodzi ayi, m'mimba mwa hatchi simufuna zodzidzimutsa, ingadwale colic, kupweteka koopsa kwa m'mimba. Muziwonjezera maola pang'onopang'ono kwa sabata kapena awiri. Ngati ili yonenepa kapena inadwalapo laminitis, nthenda ya m'ziboda ija, dziwani kuti shuga mu udzu amakhala wambiri dzuwa likamalowa ndipo amatsika kukamacha, ndiye imeneyo muitulutse mochedwerako usiku.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi timidge, tizilombo ting'onoting'ono touluka, toluma chisisira ndi mbandakucha. Tili ndi kahatchi kamodzi kuno kamene kamadzikanda pa mtengo mpaka mchira kuthothoka, kameneko timakaveka chinsalu chophimba thupi lonse tisanakatulutse.

Madzi akhale odzadza, hatchi imamwa malita oposa 25 patsiku. Yendani ndi tochi muone fensi ndi geti, zulani ragwort yense, chomera cha maluwa achikasu, ndi mizu yomwe, ndi poizoni ameneyo. Ndipo chonde isachezere yokha, ipatseni inzake.